Poker wa makhadi a pakati pa tebulo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu amene akuphunzira kumene Texas hold'em, Omaha ndi masewera ena a mtundu umenewu. Mayina ambiri a m'masewerawa ndi a Chingerezi, ndipo tawasiya momwemo chifukwa ndi amene mudzawamve patebulo lililonse, koma dzina lililonse talimasulira pamene latchulidwa koyamba.

Kodi poker wa makhadi a pakati ndi wotani, ndipo akusiyana bwanji ndi poker wina?

Poker ndi dzina la masewera ambiri a makhadi amene amafanana pa zinthu ziwiri: osewera amabetcha mosinthana, ndipo wopambana ndi amene ali ndi gulu la makhadi asanu loposa la anzake, kapena amene watsala yekha anzake onse atagonja. Pali mabanja atatu akuluakulu. Mu draw, makhadi onse a munthu amakhala obisika ndipo amaloledwa kusinthitsa ena. Mu stud, aliyense amalandira makhadi akeake, ena oonekera ndi ena obisika. M'banja lachitatu, lomwe ndi mutu wa nkhani ino, munthu amalandira makhadi ochepa obisika, kenako wogawa amayala makhadi ena chagada pakati pa tebulo, ndipo makhadi a pakatiwo ndi a aliyense.

Mfundo yakuti makhadi a pakati ndi a aliyense imaoneka yosavuta, koma ndi imene imapunthwitsa oyamba kumene kuposa lamulo lina lililonse. Khadi limene lakuthandizani likhoza kukhala kuti lathandiza mnzanu koposa, ndipo mayankho ambiri m'munsimu akubwerera ku mfundo imeneyi.

Pamafunika makhadi angati ndi anthu angati?

Pamafunika makhadi onse 52, opanda joker. Makhadiwa ali m'mitundu inayi, ya hearts ndi diamonds yomwe ndi yofiira, ndi ya spades ndi clubs yomwe ndi yakuda, ndipo mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13. Tikamanena za msinkhu wa khadi tikutanthauza nambala kapena chilembo chake, kuyambira lalikulu: A, K, Q, J, 10, 9 mpaka 2. Anthu awiri ndi okwanira kusewera, ndipo matebulo ambiri amakhala ndi anthu 6, 9 kapena 10. M'malo mwa ndalama zenizeni, patebulo pamakhala tizinthu tozungulira totchedwa chips, ndipo chips zonse zimene zabetchedwa zimaunjikidwa pakati. Mulu umenewu ndi umene amautcha pot.

Ndi gulu liti la makhadi limene limaposa linzake?

Kuyambira pamwamba, gulu lalikulu kuposa onse ndi straight flush, kutanthauza makhadi asanu otsatizana a mtundu umodzi, monga 5, 6, 7, 8, 9 onse a spades. Akakhala kuti ndi 10, J, Q, K, A amapatsidwa dzina lapadera la royal flush, ngakhale kuti kwenikweni ndi straight flush yapamwamba chabe. Lotsatira ndi four of a kind, makhadi anayi a msinkhu umodzi. Kenako full house, yomwe ndi makhadi atatu a msinkhu umodzi pamodzi ndi awiri a msinkhu wina, monga Q, Q, Q, 4, 4. Pansi pake pali flush, makhadi asanu a mtundu umodzi osatsatizana, ndiyeno straight, makhadi asanu otsatizana a mitundu yosakanikirana.

Magulu otsalawo ndi amene amaoneka kawirikawiri: three of a kind, makhadi atatu a msinkhu umodzi, two pair, monga J, J ndi 6, 6, pair imodzi, yomwe ndi makhadi awiri a msinkhu umodzi, ndipo ngati munthu alibe chilichonse mwa zimenezi, amangodalira khadi lake lalikulu, lomwe amati high card.

Khadi la A lili ndi mbali ziwiri. Limakhala lalikulu kuposa K, komanso likhoza kuwerengedwa ngati 1 mu straight yotsikitsitsa ya A, 2, 3, 4, 5. Chimene sichiloledwa ndi kulidutsitsa pakati: Q, K, A, 2, 3 si straight. Mitundu ya makhadi ilibe waukulu ndi waung'ono, kotero flush ya spades siposa flush ya hearts chifukwa cha mtundu wake; chimene chimaonedwa ndi msinkhu wa makhadiwo basi.

N'chifukwa chiyani flush imaposa straight, pamene straight imaoneka yovuta kupeza?

Chifukwa mndandandawu unakonzedwa potsata kusowa kwa gulu, ndipo flush ndi yosowa kuposa straight. Makhadi 52 akhoza kupereka magulu 2,598,960 osiyanasiyana a makhadi asanu. Mwa amenewa, 10,200 ndi straight, 5,108 ndi flush, 3,744 ndi full house, 624 ndi four of a kind, 40 okha ndi straight flush, ndipo anayi mwa 40 amenewo ndi royal flush. Pair imodzi imapezeka m'magulu 1,098,240. Amene waloweza mfundo yakuti chosowa chimaposa chofala savutika kukumbukira mndandanda wonse.

Kodi batani ndi ma blind ndi chiyani?

Batani ndi kachizindikiro kozungulira kamene kamaikidwa patsogolo pa wosewera mmodzi kusonyeza kuti paulendo umenewo iye akuwerengedwa ngati wogawa, ngakhale pamene pali wantchito wogawa makhadi. Ulendo ukatha, batanilo limasunthira kwa munthu wa kumanzere, motero aliyense nthawi yake imakwana.

Anthu awiri okhala kumanzere kwa batani amakakamizidwa kuika chips asanaone makhadi awo. Woyamba amaika small blind, ndipo wachiwiri amaika big blind, yomwe nthawi zambiri imakhala kuwirikiza kawiri small blind, monga 5 ndi 10. Cholinga chake ndi chakuti pakhale kanthu kolimbirana, popeza pakanapanda zimenezi aliyense akanangokhala chete kudikira makhadi apamwamba. M'mipikisano yambiri mumakhalanso ante, chopereka china chokakamiza chimene chimaonjezera mulu.

Osewera akakhala awiri okha dongosolo limasintha pang'ono, ndipo ambiri amalisokoneza: wa pabatani ndi amene amaika small blind, amayamba kulankhula pandime yoyamba yobetcha, koma amakhala womaliza pandime zonse zotsatira.

Ulendo umodzi wa Texas hold'em umayenda bwanji kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto?

Ma blind akaikidwa, aliyense amalandira makhadi awiri chafufumimba, limodzi limodzi, kuyambira kumanzere kwa batani. Apa pamakhala ndime yoyamba yobetcha, imene amaitcha preflop, ndipo woyamba kulankhula ndi munthu wa kumanzere kwa big blind. Ndimeyo ikatha, wogawa amayala makhadi atatu nthawi imodzi pakati pa tebulo. Amenewa ndiwo flop. Pamabwera ndime yachiwiri yobetcha, kenako khadi lachinayi lotchedwa turn, ndime yachitatu, khadi lachisanu lotchedwa river, ndi ndime yomaliza. Kuyambira pa flop kupita m'tsogolo, woyamba kulankhula ndi wosewera woyamba kumanzere kwa batani amene akadali m'masewera.

Ndime imatha pamene aliyense wapatsidwa mpata wolankhula ndipo onse amene sanagonje aika chips zofanana. Ngati pambuyo pa river patsala anthu awiri kapena kuposerapo, amaonetsa makhadi awo, ndipo nthawi imeneyi imatchedwa showdown. Koma maulendo ambiri safika kumeneko. Nthawi iliyonse imene munthu wabetcha ndipo ena onse agonja, iye amatenga mulu pompo, osaonetsa makhadi ake kwa wina aliyense.

Nthawi yanga yolankhula ikakwana, ndingachite chiyani?

Zimadalira ngati wina wabetcha kale pandimeyo. Ngati palibe amene wabetcha, mukhoza kuchita check, kutanthauza kudutsa osaika kanthu koma mukadali m'masewera, kapena kubetcha inuyo. Ngati wina wabetcha kale, check siloledwanso, ndipo mumasankha chimodzi mwa zitatu: call, kuika chips zofanana ndi zake, raise, kukweza pamwamba pa zake, kapena fold, kugonja n'kubweza makhadi anu chafufumimba, ndipo zimene munaika kale mumulu zimatsala komweko.

Pandime yoyamba big blind imawerengedwa ngati kubetcha, choncho palibe amene angachite check kupatula mwini big blind yekha, ndipo iyenso pokhapokha ngati palibe amene wakweza. Ngakhale onse atangofananiza, iye amakhalabe ndi ufulu wokweza.

Kodi ndiyenera kugwiritsa ntchito makhadi anga onse awiri?

Mu Texas hold'em, ayi. Muli ndi makhadi 7, awiri anu ndi asanu a pakati, ndipo mumasankhapo asanu alionse amene akupanga gulu labwino koposa. Pali njira 21 zosankhira. Mukhoza kutenga anu onse awiri, limodzi lokha, kapena osatengapo ngakhale limodzi ngati asanu a pakatiwo ndi amene ali abwino. Pamenepa amati mukusewera tebulo, ndipo chabwino chimene mungayembekezere ndi kugawana mulu, popeza makhadi omwewo aliyense ali nawo. Mu Omaha lamulo ndi losiyana kotheratu. Onani funso la Omaha m'munsimu.

Tonse tili ndi pair yofanana. Wapambana ndani?

Mikangano yambiri ya oyamba kumene imabuka pamenepa, ndipo yankho lake limachokera pa lamulo limodzi losasintha: gulu limakhala ndi makhadi asanu, osapitirira ndiponso osaperewera. Pair ndi makhadi awiri, motero atatu ena amawerengedwanso, ndipo lalikulu mwa amenewo limatchedwa kicker.

Tiyerekeze kuti pakati pali A, 9, 6, 4, 2 a mitundu yosakanikirana. Wina ali ndi A ndi K, mnzake ali ndi A ndi J. Woyamba gulu lake ndi A, A, K, 9, 6, wachiwiri lake ndi A, A, J, 9, 6, ndipo woyamba wapambana chifukwa K imaposa J. Tsopano tisinthe makhadi a pakati akhale A, K, Q, 9, 4, wina akhale ndi A ndi 8, mnzake A ndi 3. Munthu wa 8 amafulumira kutambasula manja kuti akokere chips kwa iye, koma akawerenga bwino, onse awiri gulu lawo ndi A, A, K, Q, 9. Khadi la 8 ndi lachisanu ndi chimodzi, silikuwerengedwa, ndipo mulu ugawidwa pakati.

Chitsanzo chachitatu ndi chowawa kwambiri kwa amene chamugwera. Muli ndi 5 ndi 5, ndipo makhadi a pakati atha kutuluka ndi 9, 9, J, J, K. Mu poker mulibe gulu la ma pair atatu. Makhadi anu asanu abwino ndi J, J, 9, 9, K, onse a pakati, ndipo pair yanu ya ma 5 yafa. Mnzanu amene ali ndi A ndi 2, amene munkamuposa pair yachiwiri ya pakati isanatuluke, tsopano ali ndi J, J, 9, 9, A ndipo wakuposani.

Flush imawerengedwa chimodzimodzi, khadi ndi khadi kuyambira lalikulu. Ngati pakati pali A, K, 9, 6, 3 onse a hearts, aliyense ali ndi flush, koma amene ali ndi 8 ya hearts amachotsa 3 n'kuikapo 8 yakeyo, ndipo amaposa onse amene alibe khadi la hearts lokulirapo. Pa full house amayamba kuyerekeza makhadi atatu aja, kenako awiriwo. Mulu ukagawidwa n'kutsala chip imodzi yosagawika, malo ambiri amaipereka kwa wopambana amene ali woyamba kumanzere kwa batani.

Ndani amayamba kuonetsa makhadi pa showdown?

Amene anali womaliza kubetcha kapena kukweza pandime yomaliza ndi amene amayamba. Ngati onse anachita check, amayamba ndi woyamba kumanzere kwa batani. Otsatirawo, akaona kuti aluza, amaloledwa kubweza makhadi awo osaonetsa. Wofuna kutenga mulu ayenera kuonetsa makhadi ake onse, ndipo chimene chimawerengedwa ndi chimene makhadiwo akusonyeza, osati chimene mwiniwake wanena. Chifukwa cha ichi, ngati mukukayika, ndi bwino kuyala makhadi anu chagada kuti wogawa awerenge, kusiyana ndi kutaya gulu limene mwina linali lopambana. Makhadi akasakanikirana ndi otayidwa sabwezedwanso.

Kodi limit, pot-limit ndi no-limit zikusiyana bwanji?

Awa ndi malamulo atatu a kuchuluka kwa chips zimene munthu angabetche. Mu limit, muyezo umakhala woikika: pandime ziwiri zoyamba munthu amabetcha kapena kukweza ndi chips zofanana ndi big blind, pandime ziwiri zomaliza muyezowo umawirikiza kawiri, ndipo pamakhala malire a maulendo amene anthu angakweze pandime imodzi. Mu no-limit, munthu akhoza kuika chips zake zonse nthawi iliyonse. Malire amene alipo ndi a pansi okha: kubetcha sikuchepera big blind, ndipo wokweza ayenera kukweza ndi chips zosachepera zimene womutsogolera anakwezera. Ngati big blind ndi 10 ndipo wina wakweza kufika pa 30, iye wakweza ndi 20, motero wofuna kukwezanso ayenera kufika pa 50 kapena kuposerapo.

Pot-limit ndi imene imafuna masamu pang'ono. Munthu sangakweze kuposa kukula kwa mulu, koma muluwo umawerengedwa ngati kuti iye wafananiza kale. Ngati mumulu muli 100 ndipo wina wabetcha 50, mumayamba mwawerenga 50 yanu yofananizira, mulu n'kukhala 200, kenako mukhoza kukweza ndi 200 ina, kotero zonse zimene mungaike ndi 250. Masiku ano Texas hold'em imaseweredwa kwambiri monga no-limit, ndipo Omaha monga pot-limit.

Chips zanga zikachepa kuposa zimene mnzanga wabetcha, kodi ndiye kuti ndatuluka?

Ayi. Lamulo lake ndi lakuti munthu amasewera ndi chips zimene zinali patsogolo pake ulendo usanayambe, sangaonjezere zina za m'thumba ulendo uli mkati, komanso sangathamangitsidwe chifukwa chokhala ndi zochepa. Amaika zonse zimene ali nazo, chomwe chimatchedwa all-in, ndipo amapikisana pa gawo la mulu lolingana ndi zimene waikazo.

Tinene kuti osewera ndi atatu, woyamba ali ndi chips 50, enawo ali ndi 200 aliyense. Woyamba waika zonse 50, enawo afananiza, ndipo mulu waukulu wakhala 150. Pa turn wachiwiri wabetcha 100, wachitatu wafananiza. 200 imeneyi imaikidwa padera monga mulu wachiwiri, umene amautcha side pot, ndipo woyamba uja alibe nawo gawo. Pa showdown, ngati woyamba ali ndi makhadi abwino koposa onse, amatenga 150 yokha, ndipo 200 ija imapita kwa amene waposa mnzake mwa awiriwo. Chips zimene munthu wabetcha koma palibe amene wazifananiza zimabwezedwa kwa mwiniwake.

N'chifukwa chiyani wogawa amaika khadi limodzi pambali asanayale makhadi a pakati?

Khadi limenelo amalitcha burn card, ndipo limachotsedwa katatu: flop isanatuluke, turn isanatuluke ndi river isanatuluke. Ndi njira yodzitetezera ku chinyengo, popeza khadi la pamwamba limakhala likuoneka kumsana nthawi yonse imene anthu akubetcha, ndipo likakhala ndi chizindikiro wina akhoza kudziwiratu chimene chikubwera. Silisintha mwayi wa wina aliyense.

Kodi Omaha ikusiyana bwanji ndi Texas hold'em?

Batani, ma blind, ndime zobetcha ndi makhadi asanu a pakati ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti aliyense amalandira makhadi anayi, ndipo ayenera kugwiritsa ntchito awiri ndendende a m'manja mwake ndi atatu ndendende a pakati. Wochokera ku hold'em amaiwala lamuloli pamene pakati pali makhadi anayi a hearts iye ali ndi A ya hearts yokha: mu hold'em imeneyo ndi flush yapamwamba, koma mu Omaha si flush konse, chifukwa pamafunika makhadi awiri a hearts m'manja. Momwemonso wolandira ma K anayi alibe four of a kind, ali ndi pair chabe, ndipo wadzitsekera yekha mwayi wopeza K wina pakati.

Popeza munthu aliyense ali ndi njira 60 zopangira gulu lake, magulu opambana mu Omaha amakhala akuluakulu kuposa a mu hold'em, ndipo two pair imene mukanainyadira kwinako kuno kawirikawiri imakhala yosakwanira. Palinso Omaha hi-lo, mmene mulu umagawidwa pakati pa gulu lapamwamba ndi gulu lotsikitsitsa, malinga gulu lotsikalo likhale ndi makhadi asanu a misinkhu yosiyana, onse kuyambira 8 kutsika m'munsi, A akuwerengedwa ngati 1.

Palinso masewera ena a banja limeneli?

Alipo angapo. Mu pineapple munthu amalandira makhadi atatu n'kutayapo limodzi. Mu short deck makhadi onse kuyambira 2 mpaka 5 amachotsedwa n'kutsala 36, ndipo popeza mtundu uliwonse umatsala ndi makhadi 9 okha, flush imasowa kwambiri moti kawirikawiri imaikidwa pamwamba pa full house.

Kodi Texas hold'em inachokeradi ku Texas?

Inde, ndipo m'chaka cha 2007 nyumba ya malamulo ya Texas inavomereza mzinda wa Robstown kuti ndi kumene masewerawa anayambira. Anafika ku Las Vegas m'zaka za m'ma 1960 kudzera mwa akatswiri a ku Texas monga Doyle Brunson, Amarillo Slim ndi Crandell Addington. Mpikisano wa World Series of Poker unayamba mu 1970 ku Binion's Horseshoe, nyumba ya juga ya ku Las Vegas, ndipo chaka choyambacho Johnny Moss anasankhidwa kukhala katswiri mwa mavoti a osewera anzake. Kuyambira 1971 mpikisano wake waukulu wakhala wa no-limit hold'em, ndipo kuyambira 1972 mtengo wolowera wakhala madola 10,000. Brunson anaupambana mu 1976 ndi 1977, maulendo onse awiri atagwira 10 ndi 2 paulendo womaliza, n'chifukwa chake makhadi awiriwa amatchedwa dzina lake. Kutchuka kwa masewerawa padziko lonse kunakula kwambiri mu 2003, pamene Chris Moneymaker, munthu wamba amene anapeza malo kudzera m'mpikisano waung'ono wa pa intaneti, anaposa anthu onse mwa osewera 839 n'kulandira madola 2.5 miliyoni.

Ndi makhadi ati oyambira amene ndi oyenera kusewera?

Pali njira 1,326 zolandirira makhadi awiri, koma tikaphatikiza zofanana mphamvu zimatsala 169. Munthu amalandira pair kamodzi pa maulendo 17, ndipo A ndi A, omwe ndi makhadi oyambira abwino koposa, amabwera kamodzi pa maulendo 221. Otsatira ndi ma pair akuluakulu monga K K, Q Q ndi J J, komanso A ndi K, makamaka akakhala a mtundu umodzi. Makhadi a 7 ndi 2 a mitundu yosiyana amadziwika kuti ndi oipitsitsa, chifukwa ndi aang'ono, sangapange flush pamodzi, ndiponso atalikirana kwambiri moti sangakhale onse mu straight imodzi.

Cholakwa chofala ndi kusewera makhadi ambiri. Munthu wokhala ndi makhadi awiri a misinkhu yosiyana amapeza pair pa flop pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu, kutanthauza kuti kawiri pa katatu amakhala walipira popanda chopeza. Ndipo akaipeza, pair ya A yokhala ndi kicker yaing'ono ndi imene imaluzitsa chips zambiri, monga chitsanzo cha A ndi J chasonyezera pa funso la pair yofanana. Wosewera wanzeru patebulo la anthu ambiri amagonja pa makhadi ochuluka amene walandira, ndipo saona manyazi pa zimenezo.

N'chifukwa chiyani akatswiri amasamala kwambiri za malo amene akhala?

Chifukwa wolankhula pomaliza amakhala ataona zimene ena onse achita. Wa pabatani amalankhula pomaliza pandime zitatu mwa zinayi, motero akhoza kubetcha ena akaonetsa kufooka, kapena kugonja mosataya zambiri ena akaonetsa mphamvu. Wolankhula poyamba amasankha ali mumdima. N'chifukwa chake makhadi omwewo, monga K ndi 10, akhoza kukhala oyenera kukwezera muli pabatani koma oyenera kutaya muli kumanzere kwa big blind.

Ndingadziwe bwanji ngati pali gulu limene lingandipose?

Yambani ndi makhadi a pakati, anu muwaone pambuyo. Mu hold'em, ngati pakati palibe makhadi awiri a msinkhu umodzi, palibe amene angakhale ndi full house kapena four of a kind. Ngati palibe makhadi atatu a mtundu umodzi, palibe flush. Ngati palibe makhadi atatu oyandikana mokwanira kulowa mu straight imodzi, palibe straight. Gulu lapamwamba koposa limene lingatheke ndi makhadi amene ali pakatiwo amalitcha nuts.

Pakati pakakhala K, 9, 7, 4, 2 popanda atatu a mtundu umodzi, wogwira K ndi K sangaposedwe ndi aliyense. Koma khadi lomaliza likanakhala 8 m'malo mwa 2, ma K atatu omwewo akanaposedwa ndi wogwira J ndi 10, 10 ndi 6, kapena 6 ndi 5. Makhadi a m'manja sanasinthe, koma mtengo wake wasintha, ndipo funso limeneli liyenera kufunsidwa mwatsopano pa flop, pa turn ndi pa river.

Ndi makhalidwe ati amene saloledwa patebulo?

Kulankhula kapena kugonja nthawi yanu isanakwane n'koletsedwa, chifukwa kumapatsa ena chidziwitso chimene samayenera kukhala nacho. Sizololedwa kuonetsa makhadi anu kwa wina ulendo uli mkati, kufunsa malangizo, kapena kunena makhadi amene munataya anzanu akadasewera. Mawu amene mwanena nthawi yanu itakwana amakumangani: mukati call simungasinthe n'kukweza. Kukankha chips kawiri, koyamba zochepa kenako n'kubwerera kukatenga zina mutaona nkhope ya mnzanu, kumatchedwa string bet ndipo zachiwirizo zimabwezedwa. M'malo ambiri, kuponya chip imodzi yaikulu osanena kanthu wina atabetcha kumawerengedwa ngati call. Njira yopewera zonsezi ndi kunena momveka chimene mukuchita ndi kuchuluka kwake musanagwire chips.

Kodi ma outs ndi pot odds ndi chiyani, ndipo amawerengedwa bwanji?

Ma outs ndi makhadi amene sanaonekebe omwe angamalizitse gulu lanu. Ngati muli ndi makhadi awiri a spades ndipo pa flop pali ena awiri, mwaona anayi mwa 13, kotero atsala 9. Ngati muli ndi 8 ndi 9, pakati pali 6 ndi 7, khadi lililonse la 5 kapena la 10 likupatsani straight, ndipo amenewo ndi 8. Njira yachidule yowerengera mwayi ndi kuchulukitsa ma outs ndi 2 ngati kwatsala khadi limodzi, kapena ndi 4 ngati kwatsala awiri. Ma outs 9 amapereka pafupifupi 35 peresenti pa makhadi awiri, ndipo pa river yokha ndi 9 mwa makhadi 46 osaoneka, kapena kuti 19.6 peresenti. Kuchulukitsa ndi 4 kumagwira ntchito pokhapokha ngati simudzalipiranso pa turn, monga pamene wina wachita all-in. Ambiri amaiwala zimenezi n'kudziwerengera mwayi woposa umene ali nawo.

Pot odds ndi kuyerekeza mwayi umenewo ndi mtengo wa call. Tinene kuti muli pa turn ndi ma outs 9, mumulu muli 80, ndipo mnzanu wabetcha 20. Mukulipira 20 ndipo mulu wonse udzakhala 120, motero mukufunika kupambana kamodzi pa maulendo 6, pafupifupi 17 peresenti, kuti musaluze m'kupita kwa nthawi. Mwayi wanu wa 19.6 ukuposa pamenepo, ndipo call ndi yoyenera. Akabetcha 80 m'malo mwa 20, mukulipira 80 pa mulu wa 240, mukufunika kupambana kamodzi pa katatu, ndipo mwayi womwewo wa 19.6 sukukwananso.

Pomaliza kuwerenga, chotsanipo makhadi amene angakuthandizeni inu koma n'kuthandiza mnzanu koposa. Ngati mukuganiza kuti mnzanu ali ndi three of a kind, khadi la spades limene likufanana msinkhu ndi lina la pakati likupatsani flush, koma iye limupatsa full house kapena four of a kind, kotero ma outs anu enieni akhoza kukhala 7 osati 9, ndipo call ya 20 ija siikhalanso yoyenera.